Malilime Awiri ku Magaleta

Munthu amene anandilakwira kwambiri pa moyo wanga wa ntchito ndi a Mangulenje, eni ake a vidiyo imene ndinayambirako kugwira ntchito. Sanandimenye, ndipo sanandinamizire kuba. Chimene anachita n'chakuti anajambula mawu anga pa kaseti ine ndisakudziwa, anandichotsa ntchito, kenako mawuwo pamodzi ndi dzina langa anakapatsa mlamu wawo. A Mangulenje anamwalira kale, ndipo kumaliro kwawo ndinapita, choncho musawerenge izi ngati mlandu. Ndikulembera inu ana anga, Mphatso, Tiyamike ndi Yankho, chifukwa munakula mukuona vidiyo yathu ya pamsika wa Neno ili kale ndi malata ndi mabenchi ake, ndiye mumayesa kuti inamera yokha. Tsopano ndinaitseka, aliyense akuonera filimu pa foni, maso anganso atopa. Koma zaka zonsezo bambo anu anali womasulira mafilimu, ndipo ntchitoyo ndinkaidziwa. Apa sindidzichepetsa ayi: kuchokera ku Zalewa mpaka kumapiri a ku Dambe panalibe wondiposa.

Za ubwana wanga palibe chokamba. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, tsiku limene aphunzitsi anandikwapula chifukwa cholephera kutchula liwu lina la Chingerezi. Ndinalanda ndodoyo, n'kuithyola pabondo, n'kutuluka. Mtima wanga unali wapachala, ndipo kwathu aliyense ankadziwa zimenezo.

Luwani, nthawi ya othawa nkhondo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Luwani, msasa uli wodzaza ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Nthawi imeneyo Neno inali isanakhale boma payokha, tinali pansi pa Mwanza. A Mangulenje anali atasiya ukalaliki pa ofesi ina ku Blantyre, n'kubwera ndi tivi imodzi, deki yoikamo matepi a filimu, jenereta yaing'ono ndi matepi asanu ndi awiri m'katoni ya sopo. Anamanga chisakasa cha mphasa, pamwamba anakuta ndi pepala lakuda lapulasitiki kuti m'kati mude ngakhale masana. Kutentha kwake m'menemo kunali ngati mu uvuni wa njerwa, koma anthu ankalowa. A Mangulenjewo ankavala tayi tsiku lililonse, ngakhale mu Okutobala.

Ine anandilemba kuti ndizisesa, kuliza jenereta, kulemba pa bolodi ndi choko filimu ya tsikulo, ndi kupukuta mutu wa deki ndi thonje loviika mu sipiriti. Petulo ankavuta kwambiri. Ndinkapalasa njinga kukamufuna ku Mwanza, zigubu ziwiri pakaliyala, ndipo nthawi zina ndinkabwerako chimanjamanja. Pofuna kusunga petulo, filimu ikatha sitinkabweza tepi ndi deki. Ndinkaibweza pamanja, kuzunguza ndi chigwiriro cha supuni mpaka dzanja kuchita dzanzi. Deki ikatafuna tepi, ndinkadula pophwanyikapo ndi lezala n'kulumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo. Ndiye panali mafilimu ena oti munthu akungotulutsa mpeni, kenako mwadzidzidzi ali kale m'chipatala, pakati ponsepo ndinadula ine.

Matepi asanu mwa asanu ndi awiriwo anali a magulu a anyamata a m'misewu ya m'mizinda ikuluikulu ya kunja: anyamata a majekete achikopa, mipango kumutu, maunyolo ndi zibonga m'manja, gulu lililonse ndi msewu wake, wolowa msewu wa eni ake wayamba nkhondo. Womasulira anali bwana mwiniwake. Chingerezi ankachidziwa, zimenezo sindingawalande. Koma kumasulira kwawo kunali ngati akuwerenga kalata ya kukhoti. Munthu pa tivi wagwidwa pakhosi, maso atuzuka, iwo ali phee pa maiki: "Apa akuti, sindikugwirizana ndi maganizo anu." Nthawi zina ankaimitsa filimu kuti afotokoze tanthauzo la liwu. Anthu ankagona, ena ankatuluka kukagula nzimbe.

Tsiku lina bwana anapita ku Limbe kukasintha matepi, lole imene anakwera n'kuwafera panjira. Nthawi ya filimu inakwana, anthu adzaza, womasulira palibe. Mayi wina wogulitsa mandasi pakhomo anati, "Iwe Layisoni, pakamwa pako sipatseka tsiku lonse. Bwanji osakalongolola m'katimo?" Ndinatenga maiki. Chingerezi chimene ndinkadziwa chinali chongokwana kupempha madzi. Koma filimuyo ndinali nditaionera kambirimbiri ndili chiimire pafupi ndi khomo, ndipo ndinkadziwa amene akudana, amene akunama, amene akuopa koma akubisa. Ndinangoyamba kulankhula zimene nkhope zawo zinkanena.

Choyamba ndinawapatsa mayina, chifukwa mayina awo enieni palibe ankatha kuwatchula. Ekita, ndiye kuti mwini filimu amene aliyense amamuchemerera, anali mnyamata wamtali wa nsidze zolemera amene sankaseka ngakhale pang'ono. Ndinamutcha Wosaseka. Mdani wake wa chipsera patsaya anakhala Chipsera. Kunali kamnyamata kena kothamanga ngati gwape kotchedwa Achimwene a Liwiro, ndi wapolisi wonenepa amene ndinamutcha Adyeratu. Filimuyo ndinaitcha Ana a Pansi pa Mlatho, poti gulu la Wosaseka linkagona pansi pa mlatho wa sitima. Chipsera atamugwira Wosaseka pakhosi ndinati, "Iwe mphwanga, msewu uno unagula ndi mbuzi zingati?" Chisakasa chinagwedezeka ndi kuseka. Bwana anafika mawa lake n'kupeza anthu ali pamzere akufunsa kuti mnyamata wa malilime uja ayamba nthawi yanji. Dzina linachokera pamenepo. Ankati ndimalankhula malilime ngati a kutchalitchi, poti Mmereka, Mtchaina, Mtaliyana, onse ankatulukira pakamwa panga m'Chichewa. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Layisoni linatsala kwa amayi anga ndi bwana okha, kwina konse ndinali Malilime.

Bwana anandiitana kuseri. "Zimene ukunenazi si zimene akulankhula anthuwa, ukudziwa?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Ndiye ukunamiza anthu."

"Bwana, kodi pali amene wagona?"

Anakonza tayi yawo, n'kundisiyira maiki.

Anthu ochita mafilimu amenewa ndinkawalemekeza, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza. Wosaseka ankatha kukweza nsidze imodzi yokha, iwe n'kudziwa kuti wina sagona kwawo lero. Chipsera ankalankhula motsitsa, akusenda lalanje ndi mpeni, ndipo mantha ake ankaposa a munthu wokuwa. Vuto linali lakuti anthu omwewo ankapezekanso m'mafilimu ena. Chipsera anafa Lachiwiri atagwa kuchokera padenga, Lachinayi uyu ali moyo mufilimu ina, wavala suti. Bambo wina anaimirira pakati pa filimu, "A Malilime, uyu si uja tinamuika dzana?" Ndinati, "Anachira, bambo. Kunjaku zipatala zake si za kuno." Anakhala pansi atakhutira. Mayina awo enieni ndinadzawadziwa posachedwapa, Tiyamike atandifufuzira pa foni. Anandionetsa chithunzi cha Wosaseka ali nkhalamba ya imvi, akuseka mano onse pamtunda, n'kundiuza kuti anamwalira. Tsiku limenelo sindinadye bwino. Munthu ndinamulankhulira zaka zonsezo, iye osadziwa n'komwe kuti kuli Neno.

Za nyimbo za m'mafilimu anandiphunzitsa ndi a Zuze, bambo wachikulire wochokera ku Tete amene nkhondo isanafike ankaimba lipenga m'bandi ya m'tauni. Ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, koma ndewu ikayamba ankayang'ana pansi. Zoterozo anali ataziona zenizeni. Iwo ankadzera nyimbo. Mu Ana a Pansi pa Mlatho munali malo ena pamene gulu la Wosaseka likuyenda pakati pa msewu kupita kukakumana ndi adani, palibe wolankhula, kukungolira gitala wa besi pansipansi, du, du-du, du, kenako ng'oma, kenako lipenga lokhalokha ngati munthu akulira kutali. Ine pamenepo ndinkabwebweta ndithu, kuopa kuti ndikakhala chete anthu aziti ntchito yandikanika. Tsiku lina a Zuze anandidikira panja.

"Mwana iwe, uli ndi mphatso. Koma uli ndi mwano."

Ndinawafunsa mwaukali, "Mwano ndachitira ndani, bambo?"

"Woimba lipenga uja. Iyenso akufotokoza filimu. Iwe ukumudula pakamwa."

Zikanakhala kuti ndinawayankha mmene mtima unkafunira, bwenzi nditataya phunziro lalikulu pa ntchito yanga yonse. Mawa lake, besi itayamba, ndinatsitsa maiki n'kuiika pabondo. M'chisakasa munangoti zii, ngakhale ana oyamwa. Ndinaona anthu akuweramira kutsogolo okha. Lipenga litatha ndinangonena mawu awiri, "Afika tsopano," ndipo mayi wina anakuwa ngati mpeni wa mufilimumo walasa iye. Kuyambira pamenepo linakhala lamulo langa: nyimbo ikamalankhula, Malilime amakhala chete.

Ku Boma, othawa nkhondo atabwerera kwawo

Nkhondo itatha msasa unayamba kuphwasuka, a Zuze anakwera lole kubwerera ku Tete, ndipo sitinaonanenso. Bwana anasamutsira vidiyo ku Neno Boma, m'nyumba ya njerwa kuseri kwa msika. Kumeneko anthu ake anali ena: aphunzitsi, anamwino, makalaliki otumizidwa kuchokera m'maboma ena, anthu odziwa Chingerezi. Ankabwera Loweruka masana kudzandiyesa. Dokotala wina wachinyamata anakweza dzanja pakati pa filimu ngati ali m'kalasi.

"A Malilime, munthuyo sananene zimenezo. Wanena kuti akufuna loya wake."

Ndinati, "Adokotala, inu mwamva pakamwa, ine ndamasulira nkhope. Taonani maso akewo, akufuna loya kapena akufuna amayi ake?"

Anthu anaseka mpaka dokotalayo anaseka nawo, ndipo kuyambira pamenepo benchi yakutsogolo inali yake. Umu ndi mmene ndinkagwirira ntchito. Sindinkamasulira filimu imodzi mofanana kawiri. Ndinkayang'ana amene alowa tsikulo. Mukakhala alimi a mbatata ya kachewere otsika kumapiri, Chipsera ankasanduka vendala wobera anthu pa sikelo. Mukakhala aphunzitsi, Adyeratu ankalankhula ngati woyendera sukulu. Munthu akayetsemula kumbuyo, Wosaseka ankatembenuka n'kufunsa kuti wayetsemula ndani mumsewu wake.

Ku Boma n'kumene ndinakumana ndi mayi anu, Esinala, akugulitsa manachesi pakhomo pa vidiyo. Anandiuza kuti mafilimu anga ndi achabechabe, anthu akuluakulu kumangothamangitsana ndi zibonga ngati alibe minda. Tinakwatirana chaka chomwecho.

Tsopano ndinene cholakwa changa, poti ndinalonjeza kulemba zoona. Loweruka lina bambo wina ataledzera anazula waya wa tivi ndewu yomaliza itangotsala pang'ono, ati akufuna aone ngati ndingamasulire mdima. Sindinaganize. Ndinamumenya chibakera chimodzi, dzino n'kugwa. Ndinakhala m'chitokosi cha apolisi masiku awiri, ndipo wapolisi wamkulu ponditulutsa anandiuza kuti, "Malilime, ine filimu zako ndimazikonda. Koma ukadzabweranso pano ndi nkhani ya ndewu, ukupita kundende, ndipo ndidzakuperekeza ndekha."

Patapita milungu iwiri bwana anabwera ndi wailesi yatsopano ya kaseti, ya masipika awiri. Anati anthu akuikonda nyimbo ya lipenga ija, ndiye akufuna aijambule kuti tiziiliza panja poitanira anthu. Ndinakondwa. Ndinaiika ndekha patebulo, pakati pa sipika ya tivi ndi sipika ya maiki yanga, ndipo batani lofiira ndinadina ndi chala changa chomwe. Sindinadzifunse kuti nyimbo ya mphindi zitatu ikufuniranji kaseti yathunthu, mbali zonse ziwiri. Mlungu umenewo anajambula mafilimu onse asanu a magulu a m'misewu, ine ndikudzipereka kuposa kale poti ndinkafuna bwana aiwale za dzino lija. Lolemba lotsatira anandiitana.

"Layisoni, ndaganiza mofatsa. Munthu womenya makasitomala sindingamusunge."

"Bwana, ndinapepesa. Munthuyo tinagwirana chanza."

"Ndamva. Komanso kunena zoona, ntchito imeneyi ndi yofunika munthu wa sukulu. Iwe ngakhale dzina la filimu pa tepi sutha kuwerenga."

Ndinayang'ana tayi yawo ija, ndipo ndinaona bwinobwino mmene ndingaikokere. Mawu a wapolisi ndi amene anandigwira manja. Ndinatuluka osatseka chitseko.

Miyezi itatu yopanda maiki

Vidiyo ya ku Boma bwana anaitseka, tinangomva kuti asamukira kwina. Ine ndinayamba ganyu yokweza matumba a mbatata ndi madengu a manachesi m'malole opita ku Blantyre. Mayi anu anali ndi pakati pa Mphatso. Msana unkapweteka, koma chimene chinkandipweteka kwambiri chinali pakamwa. Ndinkapezeka ndikumasulira agalu akumenyana pamsika.

Tsiku lina dalaivala wa lole, munthu amene ankandidziwa kuyambira ku Luwani, anandiwomba paphewa. "A Malilime, mwatani kodi? Loweruka muli pa maiki ku Magaleta, Lolemba muli pansi pa thumba?"

"Ku Magaleta ine sindinapondeko chaka chino."

"Aaa, musandinamize. Ndinaima panja ndikudikira katundu, ndinakumvani ndi makutu angawa. Msewu uno unagula ndi mbuzi zingati! Pa bolodi palinso dzina lanu."

Ndinatula thumba pansi. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira batani lofiira lija, ndi chala changa chili pamwamba pake.

Loweruka m'mawa ndinabwereka njinga. Ndisananyamuke ndinatenga tcheni chakale cha njinga chimene chinali pakhonde n'kuchipinda m'thumba la jekete. Ndinkayesa kuti mayi anu sanaone. Anaima pakhomo, dzanja lili pamimba.

"Bambo a m'nyumba, chimene mwaika m'thumbacho n'cha njinga iti?"

"Njira ndi yoipa, tcheni chikhoza kuduka."

"Musandiyese mwana. Ine sindikuletsani kupita, mawuwo ndi anu. Koma mukakamenya munthu, mwana uyu mudzamuonera pawaya wa ndende, ndipo ine sindidzabwera naye. Mwamva?"

Ndinamva, koma tcheni sindinachitulutse.

Magaleta, Loweruka masana

Ndinafika dzuwa lili pamutu, fumbi mpaka m'makutu. Vidiyo inali m'sitolo yakale pafupi ndi msika. Pa bolodi panalembedwa ndi dzanja la bwana, zilembo zokongola za ukalaliki: Ana a Pansi pa Mlatho, womasulira Malilime. Dzina la filimu langa, dzina la munthu langa. Bwana sanali pakhomo, anati apita kukafuna petulo. Ndinakokera chipewa kumaso, ndinalowa ngati wina aliyense, n'kukhala pa benchi yakumbuyo. Anthu a ku Magaleta mbiri yanga ankaimva, koma nkhope yanga sankaidziwa.

Kutsogolo, pambali pa tivi, panakhala Bonifasi, mlamu wa bwana, munthu amene ku Boma ankangobwera kudzaonera ulere. Anakhala chofulatira anthu, maiki ili pakamwa, waya wake ukungolendewera osalumikizidwa kulikonse. Tebulo linali lofundidwa nsalu mpaka pansi. Filimu itayamba, Bonifasi analowetsa dzanja pansi pa nsalu, ndipo ndinamva mawu anga akutuluka.

Ana anga, sindikudziwa ngati ndingakufotokozereni bwino. Tivi anali ataitsekera mawu, chifukwa zonse zinali pa kaseti: mfuti, nyimbo, mawu anga, ngakhale kuseka kwa anthu a ku Boma ndi chifuwa cha dokotala uja. Bonifasi ankangogwedeza mutu ndi mapewa ngati akulankhula. Anthu ankaseka, ndipo mayi amene ndinakhala naye pafupi anandigunda ndi chigongono, "Bambo, simukuseka bwanji? Ameneyu ndiye Malilime, kulibenso wina." Dzanja langa linali m'thumba, tcheni nditachikulunga kuzala. Ndinawerenga mabenchi: asanu ndi atatu pakati pa ine ndi khosi la Bonifasi. Ndinkadziwa kuti ndikhoza kufika asanatembenuke. Ndinkadziwanso kuti ndikatero, anthu awa adzanena kuti chidakwa china chinamenya Malilime, ine ndili kundende, kaseti ikulirabe Loweruka lililonse. Pa moyo wanga wonse sindinagwirepo ntchito yolemetsa ngati kukhala pa benchi imene ija.

Chimene chinandithandiza n'chakuti ntchitoyo ndinkaidziwa kuposa iwo. Kaseti ya wailesi imatha mbali imodzi filimu ili pakati, ndipo imafunika kuitembenuza. Ndinkadziwanso malo ake, chifukwa tsiku lojambula ndinaona bwana akuitembenuza: pamene Adyeratu wagwira Achimwene a Liwiro n'kuwapanikiza pagalimoto. Ndinadikira. Malowo atafika, mawu anga anaduka pakati pa liwu, wailesi n'kuti thwa. Bonifasi anaimitsa chithunzi, anatsokomola mwadala, n'kuwerama pansi pa tebulo ngati wagwetsa kanthu.

Ndinatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu, ndinavula chipewa, n'kuimirira. Maiki ndinalibe, koma mawu anga sankafuna maiki m'kasitolo ngati kameneko.

"Adyeratu akuti, iwe kamnyamata, ukuthamangira kuti ngati wamva kuti ku Magaleta nyemba zatsika mtengo?"

Mitu yonse inatembenuka. Mayi wa chigongono uja anatsegula pakamwa osatseka. Bonifasi anadzigunda mutu kutebulo potuluka, anandiona, nkhope n'kuchita ngati wamwa mankhwala owawa. Mwamantha anadina zonse ziwiri, deki ndi wailesi, koma mochedwetsana, moti chithunzi chinatsogola, kaseti n'kutsalira m'mbuyo. Pa tivi Wosaseka anali atalowa kale m'nyumba ya Chipsera, pamene mawu anga a pa kaseti ankati, "Tsopano Wosaseka akuyandikira chitseko."

Ndinati, "Wachedwa mnzanga, walowa kale. Ukuonera filimu iti iweyo?"

Kaseti inati, "Agogoda kapena sagogoda?"

"Agogode bwanji ali kale pampando? Abale, womasulira wanuyu wamwa chiyani lero?"

Anthu anagwa m'mabenchi. Bonifasi anali atayiwala kugwedeza mutu, maiki ili pamwendo, pakamwa pali potseka, koma mawu akutulukabe pansi pa tebulo. Bambo wina wa chipewa cha mlaza anapita kutsogolo, anakweza nsalu ija, n'kuitulutsa wailesi kuionetsa anthu ngati wagwira khoswe m'nkhokwe. Kunabuka phokoso. Anyamata ena anayamba kulumpha mabenchi kulunjika kwa Bonifasi, ndipo ine, Layisoni wa mtima wapachala, amene ndinabwera ndi tcheni m'thumba, ndi amene ndinakuwa kuti, "Musamukhudze! Watumidwa uyo. Khalani pansi, filimu sinathe. Bambo a chipewa, zimitsani wailesiyo, kwezani tivi."

Anakhala pansi. Ndinayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo, ndipo sindinafulatire anthu, ndinaima chammbali kuti ndiziona tivi ndi nkhope zawo. Theka lotsala la filimuyo ndinalimasulira mmene sindinamasulirepo. Chipsera anakhala wogula nyemba wa sikelo yabodza, ndipo bambo a chipewa cha mlaza ndinawalowetsa m'gulu la Wosaseka, iwo n'kumavomera ali pa benchi. Kenako besi ija inayamba, du, du-du, du, gulu likuyenda pakati pa msewu. Ndinapinda manja n'kukhala chete. Anthu a ku Magaleta nyimboyo ankaimvera pa kaseti yojambulidwa patebulo, yodzaza ndi phokoso la mabenchi a ku Boma. Tsiku limenelo anaimva yoyera koyamba. Lipenga likulira ndinaona chitseko chikutseguka pang'ono, kuwala n'kulowa. Anali a Mangulenje, chigubu cha petulo m'manja, tayi ili pakhosi. Anaima pomwepo mpaka filimu inatha.

Anthu potuluka aliyense ankafuna kundigwira chanza. Mayi uja anandipatsa nthochi ziwiri n'kunena kuti ndimukhululukire chigongono. Bambo a chipewa anati mphwawo ali ndi deki ku Boma imene ikungokhala, ngati ndingafune tikambirane. Vidiyo yathu ija inayambira pa deki imeneyo. Bonifasi anali atazemba kalekale. M'sitolo tinatsala awiri, ine ndi bwana, wailesi ili patebulo pakati pathu.

Anatula chigubu, anakonza tayi. "Layisoni, wandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

Anayang'ana wailesi ija, n'kupitiriza.

"Komabe ndine munthu wachikulire, sindisunga mangawa. Zinthu zinalakwika mbali zonse. Ubwere Lolemba, maiki ndi yako. Makasetiwa ukafuna utenge, uwotche."

Anatsegula wailesi, anatulutsa kaseti n'kunditambasulira. Pa kapepala kake panali dzina langa. Ndinaiyang'ana, ndipo ndinadabwa kupeza kuti mtima wanga uli m'malo, manja ali phee. Sindinailandire. Ndinavala chipewa changa, ndinawayang'ana m'maso, ndipo ulemu sindinawachotsere.

"Bwana, kasetiyo sungani, ndakupatsani. Mawu ali m'menemo ndi adzulo. Amawa ndikupita nawo, ndipo tsiku limene mudzawafune mudzalowere pakhomo ngati wina aliyense, mudzakhale pa benchi."